ULENDO WA KU CHILEKA KUKAONA NDEGE

Abale anga okondedwa a m'midzi ya ku Phalombe, palibe mmodzi mwa inu amene sanakwezepo maso kumwamba pakumva mkokomo wa ndege. Ikamadutsa pamwamba pa Michesi, ana amasiya phada nathamangira pabwalo, akukuwa ndi kuibayibitsa. Amayi kudimba amaimika khasu pang'ono. Ndipo iyo, yosadziwa kuti pansi pano pali anthu, ingopita ulendo wake, nisiya kamzere koyera ngati ufa wotayikira m'njira ya kuchigayo. Tonse tinaiona chotero, kanthu kakang'ono konga namzeze. Koma ndi angati mwa ife amene anaiona ili pansi, itaima pa miyendo yake, anthu akutuluka m'mimba mwake? Ndi owerengeka ndithu. Tsono chinthu chimene munthu amachionera patali masiku onse amayamba kuchipekera nkhani. Ena ati ndege ndi ya Azungu okha. Ena ati siyendera mafuta okha ayi, pali zizimba. Ndipo ena amaisokoneza ndi lichero lija amati afiti amakwera usiku.

Pa ntchito yanga ya ukatekisti ndakhala pa milandu yambiri ya ndege za usiku, milandu imene yadanitsa anthu a bere limodzi ndi kuthamangitsa nkhalamba m'midzi yawo. Sindinaonepo ndi mmodzi yemwe mwa oneneza amene anabwera nayo ndegeyo kuti tiione ikuuluka. Potero ndinatsimikiza mumtima kuti ana anga akaone ndege ya usana, yopangidwa ndi manja, yoyendetsedwa ndi anthu amene anapita kusukulu.

Titakolola nandolo ndi kugulitsa, tinapatula ndalama ya ulendo. Tinali anthu asanu ndi mmodzi: ine, mayi a kunyumba, ana athu atatu, ndi amalume anga, nkhalamba ya imvi mbuu, imene inamva za ulendowu niti, "Aphunzitsi, mukandisiya ine ndiye kuti mwasiya maso." Pa unyamata wawo anakagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, ndipo pa ife tonse anali okhawo amene anakwerapo ndege. Mayi anamanga kamba wa chinangwa chophika, kalongonda ndi chigubu cha thobwa, ndipo tinanyamuka tambala woyamba atangolira.

Za njira sindichulukitsa, pakuti ambiri mumaidziwa. Tinazungulira phiri la Mulanje kudzera pa Likhubula, kunja kunatichera m'minda ya tiyi pa Chitakale, ndipo tinalowa msewu wa Midima mpaka ku Limbe. Koma titafika m'Blantyre, pa malo okwerera mabasi amene onse amawatcha pa Wenela, amalume anaima chilili pakati pa anyamata oitanira, nayang'ana uku ndi uku ngati munthu wofuna manda a mbale wake m'thengo lomera. Ana anga ankayesa kuti Wenela ndi dzina la malo chabe, monga Migowi kapena Chiringa. Si choncho ayi. Linali dzina la bungwe lolemba anthu ntchito za ku migodi ya golide ya ku South Africa, ndipo pomwepo ndi pamene amuna a kwathu kuno ankasonkhana, kupimidwa m'thupi ndi kudinda chala, asanawatengere ku Chileka.

Kuchoka m'tauni kukafika ku bwalo la ndege ndi mtunda wa makilomita 16, kudzera ku Chirimba ndi pa Kameza. Dziko limanka litsika, kutentha nikukula, mapiri a Ndirande ndi Michiru natsalira m'mbuyo, kufikira mutulukira pa chigwa chosalala. Mu 2024 boma linatcha bwaloli dzina la Bakili Muluzi, koma pakamwa pa anthu ndi pa Chileka pomwe. Safunsa anadya phula: tinapereka moni kwa mlonda ndi kulongosola kuti sitili pa ulendo ayi, tadzangoonetsa ana, ndipo iye, atatiyang'ana ndi chigubu chathu cha thobwa, anamwetulira natilozera pamene amaima operekeza ndi olandira alendo.

Choyamba chimene tinaona ndi chakuti panalibe ndege ndi imodzi yomwe youluka. Panali msewu wa tala wotakasuka kwambiri, woongoka ngati chingwe cha mmisiri, wosapita ku mudzi uliwonse, wongothera m'maudzu. Panali nsanja ya magalasi, mmene amakhala anthu olankhula ndi oyendetsa ndege pa wailesi, pakuti palibe ndege imene imatera kapena kunyamuka iwo asanalole. Panali magalimoto ozimitsa moto, ali chire. Ndipo patali, pa mtengo wachitsulo, panapachikidwa kathumba ka nsalu konga mwendo wa buluku, kakupepheruka. Mwana wanga wamwamuna anaseka nati wina waiwala chochapa chake. Koma kansaluko kali ndi ntchito yaikulu: kamaonetsa kumene mphepo ichokera, chifukwa ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anana ndi mphepo, monga achitira akhwangwala pa denga la tchalitchi.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinakhala pansi kudikira, ndipo pofuna kuti ana asatope ndinawafotokozera mbiri ya chinthu chimene tinadzera. Ndiilemba pano kuti nanunso muwerengere ana anu madzulo.

Kulakalaka kuuluka n'kwakale, koma njira inavuta. Mu 1709 wansembe wina wobadwira ku Brazil, dzina lake Bartolomeu de Gusmão, anaonetsa mfumu ya Apwitikizi ku Lisbon kathumba kopepuka kokwera kokha m'mwamba ndi mpweya wotentha, monga phulusa la udzu likwera pa nthawi ya lupsa. Mu 1783 thumba lalikulu lotere, lopangidwa ndi abale awiri a Montgolfier ku France, linanyamula anthu. Koma thumba lilibe chiwongolero. Limapita kumene mphepo ifuna. Amene anapeza ndege yeniyeni, ya mapiko ndi injini, yomvera mwini wake, anali abale enanso awiri a ku America, Wilbur ndi Orville Wright. Ndipo imvani ntchito yawo: anali okonza ndi kugulitsa njinga, anzawo a amisiri aja amakhala pansi pa mtengo pa msika wa Migowi. Anayesa zaka zingapo, akuyang'anitsitsa mbalame, akupima mapiko ang'onoang'ono m'bokosi lopitamo mphepo, akulemba zonse m'buku. Pa 17 Disembala 1903, pa mchenga wa kufupi ndi Kitty Hawk, ndege yawo inauluka masekondi 12, mtunda wa mamita 37, wosafika ndi pakati pomwe pa bwalo la mpira. Nthawi imeneyo kuno sitima ya pamtunda inali isanafike ku Blantyre, pakuti inafika mu 1908.

Kwathu kuno zina mwa ndege zoyamba zinali zotera pamadzi, popeza nyanja ndi bwalo losafuna kulambula. Mu 1927 Walter Mittelholzer wa ku Switzerland anatera pa nyanja yathu ali pa ulendo wa ku Cape Town, ndipo mu 1928 Alan Cobham wa ku Mangalande anachita chimodzimodzi. Mu 1931 mkulu wina wa zamtengatenga, Christowitz, anayamba kuulutsa kandege kakang'ono pakati pa Blantyre ndi Beira. Ntchito yakeyo inadzalowa m'manja mwa kampani ya Rhodesia and Nyasaland Airways, ndipo pambuyo pa nkhondo yachiwiri, mu 1946, kunabadwa Central African Airways. Mu 1949 ndi 1950 ndege zazikulu za pamadzi za kampani ya BOAC, zoyenda pakati pa Mangalande ndi South Africa, zinkatera ku Cape Maclear, asodzi a ku Chembe akuonerera ali m'mabwato awo, koma sizinakhalitse.

Air Malawi inayamba mu 1964, chaka cha ufulu wathu, ndipo inaima payokha mu 1967. Inakula kufikira kuti kuyambira mu 1974 ndege yake yaikulu ya mtundu wa VC10 inkanyamuka pa Chileka pomwepa kupita ku London. Mu 1983 bwalo la Kamuzu ku Lilongwe litatsegulidwa, ulemu wambiri unasamukira kumeneko. Air Malawi inafooka ndi ngongole nitha mu 2013, ndipo m'malo mwake munalowa kampani yatsopano ya boma lathu pamodzi ndi Ethiopian Airlines, imene inayamba kuuluka mu 2014. Ine ndikaganiza kuti dziko limene linkafika ku London ndi ndege yakeyake linadzasowa mphamvu yoisamala, mtima umandiwawa. Kugula chinthu n'kwapafupi kusiyana ndi kuchisunga, monga adziwa aliyense amene anaonapo mjigo wa m'mudzi utafa chifukwa cha kachitsulo kamodzi.

Ndinawauzanso ana kuti tala amene ankamuyang'anayo wapondedwa ndi mapazi a mbiri ya dziko lino. Pa 6 Julayi 1958 Dr. Hastings Kamuzu Banda anatsikira pomwepa pobwera kwawo atakhala kunja zaka zoposa 40, namtindi wa anthu ukumuyembekeza. Pa 3 Malichi 1959 boma la atsamunda linamugwira nilimukweza ndege pomwepanso kupita naye kundende ya ku Gwelo. Ndipo pa 4 Meyi 1989 Papa Yohane Paulo Wachiwiri anatera pa Chileka pochokera ku Zambia. Akhristu ena a m'maparishi mwathu muno amene anapita kukapemphera naye ku Blantyre akali moyo, mukhoza kuwafunsa.

Ndili pakati pofotokoza, chitsirizira chathu, kamtsikana ka zaka 5, kanakuwa kakuloza chala. Kutali, m'munsi mwa mitambo, kunaoneka kanyali kowala usanasana. Kanakula, kanamera mapiko, kanatulutsa miyendo, ndipo tisanathe kupuma kawiri, chinthu chachikulu choposa mabasi atatu olumikiza chinagunda pansi, matayala nafuka utsi, mkokomo nugwedeza m'chifuwa. Kamwana kanabisa nkhope m'chitenje cha amake. Ndegeyo inathamanga kufikira kumapeto, nitembenuka, nidza pang'onopang'ono monga ng'ombe yobwera kukhola. Ndipo munthu mmodzi yekha, wovala zotseka m'makutu, atagwira timitengo tiwiri, anaiitana ndi manja, naiimitsa pamalo pake. Chimphona chonsecho kumvera timitengo tiwiri! Anakankhira makwerero, chitseko chinatseguka, ndipo munatuluka anthu. Ana anga anayembekeza Azungu okhaokha. Koma ochuluka anali anthu akuda ngati ife, amayi a zikwama, abambo a majekete, masisitere awiri, ndi mnyamata wina amene abale ake, oima pafupi nafe, anamuimbira nthungululu.

Mnyamata wanga anafunsa funso limene ndinalidikira: "Bambo, chitsulo cholemera chotere chimakwera bwanji?" Ndinamukumbutsa zimene anachita m'mamawa m'minibasi, pamene anatulutsa dzanja pa zenera amake namukalipira. Dzanja likakhala lathyathyathya, mphepo ingodutsa. Ukalipendeketsa pang'ono, limakwera lokha. Phiko la ndege ndi lotero: analiumba mokhota pamwamba ndi kulipendeketsa, kuti ndege ikathamanga kwambiri, phiko likankhire mpweya pansi, ndipo mpweya ulikankhire m'mwamba. Injini ntchito yake ndi kuthamangitsa basi. Chonyamula ndi mpweya. Amene anaona chimphepo chikusasula malata a sukulu, mitanda ndi misomali yomwe, sangakayike kuti mpweya uli ndi mphamvu. Ndege zazikulu zimakwera kupitirira mamita 10,000, ndiko kuti katatu kutalika kwa Sapitwa, amene ali mamita 3,002. Ndipo zimayenda makilomita oposa 800 pa ora limodzi. Ulendo wa ku Johannesburg, umene makolo athu ankayenda pansi masabata ambiri, ena osabwerako konse mpaka kutchedwa matchona, ndege imautha m'maora awiri ndi kanthu.

Pamenepo mphepo inatembenukira kwa ife, ndipo mayi a kunyumba ananunkhiza nati, "Kodi si fungo la koloboyi limeneli?" Analasa. Mafuta a ndege za jeti ndi mtundu wa palafini, woyeretsedwa bwino. Chizimba chake n'chomwecho, chimene tinkagula m'kabotolo pa okala.

Amalume, amene nthawi yonseyi anali chete atagwira chitsulo cha mpanda, anamva mawu a mafutawo natembenuka. Anaitana ana nati, "Bwerani kuno, zidzukulu zanga, aphunzitsi anena za m'mabuku, ine ndinene za m'maso." Anasimba mmene anakwerera ndege pomwepo ali mnyamata wosakwatira, ndege ya injini zinayi za zopukusa, atavala malaya amodzi, m'manja muli kapepala, mmene amuna a ndevu zawo anagwirana manja ndege itayamba kunjenjemera, mmene anasuzumira pa zenera naona Shire ngati ulusi, nayesa kufunafuna phiri la Mulanje kuti alitsanzike. Ndege zimenezo zinkatera ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo kuchokera kumeneko anthu ankapitirira pa sitima mpaka ku migodi. Pobwerera ankadzera njira yomweyo, ali ndi mabulangete, wailesi ndi masutikesi achitsulo. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi ogwira ntchito ku migodi imeneyo anapitirira 100,000. Tsono amene amati ndege ndi ya Azungu okha sadziwa mbiri ya mudzi wake. Malata ambiri oyamba a ku Phalombe kuno anagulidwa ndi anthu amene anauluka.

Kenaka mawu awo anatsika. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4, itanyamula anthu obwerera kwawo kuno atatsiriza ntchito, inanyamuka pa Francistown kulinga ku Blantyre, ndipo isanapite patali inagwa niyaka moto. Anafa anthu 78, ochuluka mwa iwo Amalawi. Pofufuza anapeza kuti mafuta ake anali osakanizika: injini za ndege imeneyo zinkamwa petulo wa ndege, koma m'petulomo munalowa palafini uja wa jeti. Dr. Banda analetsa pomwepo kulemba anthu a ku migodi. Kunadzayambanso mu 1977, nikutheratu mu 1988. Amalume anali atabwerako chaka chimodzi ngoziyo isanachitike, koma m'ndegemo munali anzawo awiri amene ankagona nawo chipinda chimodzi ku komboni ya mgodi. Mmodzi anali atagula makina osokera oti akapatse mkazi wake.

"Anthu kumudzi ananena zambiri," anatero amalume. "Ena ankati walodza ndi uje, wachita kaduka ndi katundu. Mayi wina wamasiye anasamuka m'mudzi chifukwa cha mawu amenewo. Chonsecho anali mafuta."

Palibe anayankha. Ndinakumbuka kuti masiku athu omwe ano, pa 10 Juni 2024, ndege ya asilikali inagwa m'nkhalango ya Chikangawa nipha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr. Saulos Chilima, ndi anthu ena 8. Sindinabisire ana kuti ndege imagwa. Ndi ntchito ya manja a anthu, ndipo imafuna munthu wosamala pa chilichonse, kuyambira wothira mafuta, womanga nati, woyang'ana nyengo, kufikira woyendetsa. Chifukwa chake tinaona mmodzi wa oyendetsa atatsika, akuzungulira ndege yake wapansi, akusuzumira m'matayala ndi kunsi kwa mapiko, asanalole kuti anthu akwere.

Mwana wanga wamkulu, mtsikana wa Folomu 2, amene samalankhula kawirikawiri, anayang'anitsitsa woyendetsayo nafunsa ngati mkazi angathe ntchito imeneyo. Amake anaseka, koma ine ndinali nalo yankho. Mu 2016 Yolanda Kaunda anakhala mkazi woyamba wa Chimalawi kufika pa ukaputeni wa ndege, ndipo mu Malichi 2017 iye ndi Lusekelo Mwenifumbo anayendetsa ndege kuchokera pa Chileka pomwepa kupita ku Dar es Salaam, ogwira ntchito m'ndegemo onse ali akazi. Sindinamunamize kuti njira yake ndi yapafupi. Sukulu yake ndi ya ndalama zambiri, zoti nandolo wa katekisti sangazikwanitse. Ndipo khomo lake ndi masamu, sayansi ndi Chingerezi, maphunziro omwe aja atsikana athu ambiri amawathawa, kapena kuwasiyira panjira chifukwa cha mabanja aubwana. Anangogwedeza mutu. Amalume anati, "Iwe ukadzayendetsa, ine ndidzakhale kuzenera."

Tisaiwalenso, abale anga, kuti zouluka zinatipeza kwathu komwe pa tsiku la tsoka. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula mapiri, milatho itapita ndi madzi, anthu a ku Nkhulambe ndi madera ena anatsekeredwa masiku ambiri, galimoto yosafikako. Chimene chinafika ndi ufa ndi mankhwala, ndi kunyamula ovulala, ndi helikopita; ndipo maiko a Tanzania ndi Zambia anatumiza zawo kudzathandiza. Helikopita ilibe mapiko oima. Mapiko ake ndi omwe aja amazungulira pamutu, ndipo chifukwa chake imatha kutera pa bwalo la sukulu popanda msewu wothamangira.

Dzuwa litapendeka, ndege ija inatseka chitseko. Inapita kumapeto kwa msewu wake, nitembenukira kumphepo monga kansalu kaja kanalozera, niima kanthawi ngati ikuganiza. Pomwepo inabangula, nithamanga, mphuno nidzuka, ndipo pakati pa matayala ndi nthaka panaoneka kuwala. Nthawi ino kamtsikana sikanabisale. Kanabayibitsa ndi manja onse awiri kufikira ndegeyo inasanduka kadontho kumwamba kwa Michiru. Tinamaliza thobwa lathu, tinathokoza mlonda uja, ndipo tinathamangira minibasi, pakuti Phalombe ndi kutali ndipo ndalama yogonera m'tauni panalibe.

Amene mungafune kupita ndi ana anu kapena ana a sukulu, yambani mwafunsa tsiku ndi ora limene ndege zimafika, chifukwa pa Chileka sizitera motsatizana, ndipo mukhoza kukhala theka la tsiku mukuyang'ana udzu. Tengani chiphaso chanu, mverani alonda, ndipo musajambule chithunzi musanapemphe.

Tinafika kumudzi usiku, ana ali m'tulo. M'mawa mwake amalume anabwera kunyumba ndi ndodo yawo, natulutsa ndalama yomangidwa pa kansalu, nandiuza kuti ndikapereke kwa Bambo Mfumu ya Misa ya anzawo awiri aja. Anatchula maina awo ndi midzi yawo mosadodoma, ine ndikulemba. Bambo Mfumu aiika pa 4 Epulo, ndipo amalume atumiza kale mawu kwa ana a mmodzi wa iwo, amene akhala kutsidya kwa mtsinje wa Phalombe, kuti adzabwere.